Kulimbitsa Thupi pa Nthawi ya Pakati ndi Kukwera kwa Sikelo ya Mayi Woyembekezera

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa amayi oyembekezera, amuna awo, apongozi, anamkungwi komanso onse amene amalemba amayi ntchito m'minda ndi m'misika kuti mayi wapakati amene achipatala sanamupeze ndi vuto lililonse ayenera kumayendetsa thupi lake masiku onse mpaka nthawi yake yochira itakwana. Nkhaniyi imasokoneza mabanja ambiri chifukwa malangizo amene mayi amamva pakhomo amatsutsana. Ena amamuuza kuti akhale pansi, adye chakudya cha anthu awiri ndipo asagwire kanthu, poopa kuti angapite padera. Ena amamuuza kuti alime, asinje ndi kusenza nkhuni mpaka tsiku lomaliza, ati kuti mwana asakule kwambiri m'mimba. Malangizo awiri onsewa amaika mayi ndi mwana pangozi. Nkhani ino ikufotokoza mmene thupi la mayi liyenera kulemerera, phindu la kulimbitsa thupi pamodzi ndi malire ake, komanso zizindikiro zimene zikaoneka mayi ayenera kusiya zonse ndi kuthamangira kuchipatala.

Kumene makilogalamu owonjezereka amapita

Mayi aliyense woyembekezera ayenera kulemera kuposa mmene analili, ndipo sikelo ikapanda kukwera ndiye kuti pali vuto. Pa makilogalamu pafupifupi 12 amene mayi wa thupi labwinobwino amawonjezera, mwana amatengapo makilogalamu atatu kapena atatu ndi theka. Nsengwa, imene mwana amalandirirapo chakudya ndi mpweya, imaposa pang'ono theka la kilogalamu. Madzi amene mwana amakhalamo amayandikira kilogalamu imodzi, ndipo chiberekero nachonso chimakula mpaka kufika pafupifupi kilogalamu imodzi. Magazi a mayi amachuluka ndi pafupifupi theka la muyeso wake wa masiku onse, mabere amakula, ndipo thupi limasunga madzi ena m'minofu. Zotsalazo ndi mafuta, makilogalamu atatu kapena anayi, amene thupi limasungira nthawi yoyamwitsa.

Mwa zonsezi, mafuta ndiwo amasintha kwambiri malinga ndi kadyedwe ndi kagwiridwe ka ntchito. Mayi akawonjezera makilogalamu 20 m'malo mwa 12, ambiri mwa makilogalamu asanu ndi atatu apamwambawo amakhala mafuta, ndipo amenewa sachoka pa tsiku lobereka.

Muyeso woyenera

Muyeso sufanana kwa amayi onse, chifukwa umadalira mmene thupi linalili mimba isanaime. Achipatala amagwiritsa ntchito chiwerengero chotchedwa BMI, chimene chimayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Amatenga makilogalamu a munthuyo n'kuwagawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenako yankholo n'kuligawanso ndi kutalika komweko. Mayi wotalika mamita 1.58 amene amalemera makilogalamu 60 ali ndi BMI ya 24. Akanakhala wa makilogalamu 45 akanapeza 18, ndipo akanakhala wa makilogalamu 75 akanapeza 30.

Malangizo amene maiko ambiri amatsatira anatulutsidwa m'chaka cha 2009 ndi bungwe la Institute of Medicine la ku United States. Malangizowa amati mayi amene anali woonda, wa BMI yosafika 18.5, awonjezere makilogalamu 12.5 mpaka 18 pa mimba yonse. Wa BMI ya pakati pa 18.5 ndi 24.9 awonjezere makilogalamu 11.5 mpaka 16. Wa BMI ya 25 mpaka 29.9 awonjezere makilogalamu 7 mpaka 11.5, ndipo wonenepa kwambiri, wa BMI ya 30 kapena kuposerapo, awonjezere makilogalamu 5 mpaka 9. Woyembekezera mapasa amawonjezera kuposa apa. Onani kuti ngakhale mayi wonenepa kwambiri sakuuzidwa kuti aonde. Nthawi ya pakati si nthawi yochepetsa thupi, ndipo mayi asadzimane chakudya kapena kumwa tiyi ndi mankhwala amene amatsatsidwa kuti amaondetsa.

M'miyezi itatu yoyambirira sikelo imakwera pang'ono chabe, theka la kilogalamu mpaka makilogalamu awiri, ndipo kwa amayi amene amasanza kwambiri imathanso kutsika. Kuyambira mwezi wachinayi, mayi wa thupi labwinobwino amawonjezera pafupifupi magalamu 400 pa sabata, kapena kuti makilogalamu osafika awiri pa mwezi. Ziwerengerozi zinachokera kwa amayi a ku America, choncho azamba athu amazigwiritsa ntchito ngati chitsogozo, n'kumayang'ananso kukula kwa mimba, magazi ndi thanzi lonse la mayiyo.

Vuto lalikulu kuno kwathu n'lakuti amayi ambiri sadziwa kuti ankalemera bwanji asanaime. Mayi akayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mzamba amasowa poyambira kuwerengera. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mayi akulimbikitsidwira kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe, pamene kulemera kwake sikunasinthe kwenikweni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2016 kuti mayi azionana ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu pa mimba imodzi. Ulendo uliwonse onetsetsani kuti kulemera kwanu kwalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, ndipo musachite manyazi kufunsa mzamba ngati sikelo ikukwera moyenera.

Kuopsa kwa kupitirira muyeso ndi kwa kusaufika

Pakati pathu kunenepa kumatengedwa ngati umboni wakuti mkazi akusamalidwa bwino pabanja, ndipo mayi wapakati akanenepa kwambiri anthu amayamikira mwamuna wake. Kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali wolemera kupitirira muyeso, ndipo m'mizinda chiwerengerochi chinali chokwera kuposa kumidzi. Izi zikutanthauza kuti amayi ambiri amatenga pakati thupi lili lolemera kale.

Mayi wonenepa kwambiri ali pa chiopsezo chachikulu cha matenda a shuga a nthawi ya pakati. Mimba ikamakula, nsengwa imatulutsa michere imene imalepheretsa insulini, mchere umene umalowetsa shuga m'minofu, kugwira bwino ntchito. Mafuta ochuluka m'thupi amawonjezera vutoli. Shuga wotsalira m'magazi a mayi amadutsa pa nsengwa n'kukafika kwa mwana, ndipo mwanayo amanenepa mpaka makilogalamu anayi kapena kuposerapo. Mwana wamkulu chotere amavuta kubadwa. Matenda amatenga nthawi yaitali, mapewa a mwana amatha kukanirira, mayi amatha kung'ambika kapena kutaya magazi ambiri, ndipo nthawi zambiri pamafunika opareshoni. Kwa mayi amene amakhala kutali ndi chipatala cha boma, kumene opareshoni imachitikira, zimenezi n'zofunika kuziganizira mimba idakali yaing'ono. Kunenepa kumawonjezeranso chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, ndipo mafuta amene sanachoke pambuyo pa mimba yoyamba mayi amalowa nawo m'mimba yachiwiri ndi yachitatu.

Mbali inayo nayonso ndi yoopsa, ndipo kumidzi ndiyo imaoneka kawirikawiri, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zatha koma ntchito ya kumunda ili pachimake. Mayi amene akugwira ntchito yolemetsa koma akudya mosakwanira amabereka mwana wonyentchera, wosafika makilogalamu awiri ndi theka, kapena wobadwa masiku asanakwane. Mwana wotere amazizidwa msanga, amavutika kuyamwa ndipo sachedwa kugwidwa ndi matenda. Maganizo akuti mayi azidya pang'ono kuti mwana adzatuluke mosavuta ndi olakwika ndipo ayenera kutheratu.

Zimene kulimbitsa thupi kumachita

Tinene zoona pano: kulimbitsa thupi pakokha sikuchepetsa makilogalamu ambiri. Amayi amene amachita masewera olimbitsa thupi pa nthawi ya pakati amasiyana ndi anzawo osachita ndi pafupifupi kilogalamu imodzi yokha akamafika pobereka. Mayi amene amayenda mphindi 30 kenako n'kumwa mabotolo awiri a zakumwa za shuga wabweza zonse zimene anawotcha ndi zina zapamwamba. Phindu lenileni lili pa zimene zimachitika m'kati mwa thupi. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi popanda kudalira kwambiri insulini, choncho chiopsezo cha matenda a shuga chimatsika. Mtima ndi mitsempha zimalimba, zimene zimathandiza kupewa kuthamanga kwa magazi. Kupweteka kwa msana ndi kudzimbidwa kumachepa, tulo timabwera bwino, ndipo nkhawa ndi kukhumudwa zimene amayi ena amakhala nazo akabereka zimachepanso. Kwa mayi amene mimba yake ilibe vuto, kulimbitsa thupi mosapitirira muyeso sikuchititsa kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane.

Malangizo a WHO a chaka cha 2020 amati mayi woyembekezera azichita zolimbitsa thupi za mphamvu yapakatikati kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Izi zikufanana ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo mphindi 30 zimenezi mutha kuzigawa katatu: khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo. Kuti mudziwe ngati mphamvu yake ndi yapakatikati simufunika chipangizo chilichonse. Ngati mukupuma mofulumirirapo ndipo thupi lafunda, koma mukutha kucheza ndi mnzanu amene mukuyenda naye, muli pa muyeso woyenera. Ngati mukutha kuimba nyimbo ya kwaya bwinobwino popanda kudukiza, onjezerani liwiro. Ngati mawu akukanika kutuluka chifukwa cha befu, chepetsani.

Kuyenda mwandawala ndiyo njira yapafupi, yosalira ndalama ndiponso yotetezeka kwa amayi ambiri. Mayi amene sanali kuchita chilichonse asanaime ayambe ndi mphindi 10 kapena 15 pa tsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Amene anazolowera kale kuthamanga kapena kupita kumalo ochitira masewera atha kupitiriza atakambirana ndi achipatala, koma asayambe chinthu chatsopano chovuta. Kuvina nakonso kumawerengedwa, kaya ndi chimtali kapena kwaya ya amayi kutchalitchi, bola kusakhale kodumpha ndi kotembenuka mwadzidzidzi.

Kwa amayi a kumunda

Mayi amene amadzuka m'bandakucha kukalima, n'kubwerera ndi mtolo wa nkhuni, kenako n'kupita kumjigo kawiri kapena katatu, wapitirira kale mphindi 150 sabata isanafike pakati. Iyeyu safunika kuuzidwa kuti ayende. Chimene chikufunika kwa iye ndi kuchepetsa kulemera kwa ntchito, kupuma pakati pa ntchito ndi kudya mokwanira.

Ntchito ya kumunda imasiyana ndi masewera olimbitsa thupi m'njira zingapo. Imatenga maola ambiri mosalekeza, imachitika padzuwa, imafuna kuwerama nthawi yaitali, ndipo munthu sangaisiye chifukwa choti watopa, popeza mvula siidikira munthu. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndipo thumba la chimanga kapena la feteleza ndi makilogalamu 50. Pa nthawi ya pakati thupi limatulutsa michere imene imafewetsa minyewa yogwira mafupa a m'chiuno pokonzekera kubereka, ndipo kufewako kumakhudzanso msana ndi mawondo. Katundu amene mayi ankasenza mosavuta chaka chatha atha kumuvulaza msana chaka chino. Kunyamula zolemera kawirikawiri ndi kuimirira maola ambiri kumawonjezeranso chiopsezo chobereka masiku asanakwane.

Choncho mimba ikafika miyezi inayi kapena isanu, mayi asiyire ena ntchito yonyamula matumba, kugalauza nthaka youma, kusenza mitolo ikuluikulu ndi kusinja kwa nthawi yaitali. Madzi atunge m'ndowa yaing'ono ngakhale zitatanthauza maulendo owonjezera, popeza kuyendako n'kwabwino ndipo kulemerako ndiko koipa. Potola chinthu pansi apinde mawondo n'kunyonyomala, msana uli wowongoka, osati kuwerama miyendo ili chilili. Kubzala, kupalira pang'ono m'mawa kukadali kozizira, kusankha mtedza ndi kutonola chimanga ndi ntchito zimene angapitirize. Kupopera mankhwala ophera tizilombo m'thonje, m'fodya, m'matimati kapena m'chimanga kuli kunja kwa ntchito za mayi woyembekezera, ndipo asachapenso zovala za amene wapopera.

Apa m'pamene abambo ali ndi gawo lalikulu. Malangizo akuti mayi asasenze zolemera alibe tanthauzo ngati pakhomo palibe wosenza m'malo mwake. Bambo amene ali ndi njinga atha kutunga madzi a tsiku lonse pa ulendo umodzi ndi zigubu ziwiri. Apongozi ndi azilamu nawonso asamuone mayi amene wagona masana ngati waulesi.

Kwa amayi a pamsika ndi a mu ofesi

Mayi wogulitsa matimati, usipa kapena kaunjika ali ndi vuto losiyana. Amafika pamsika pa kabaza kapena pa minibasi, n'kukhala pa benchi kapena pa chigubu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Madzulo amakhala atatopa kwambiri, ndipo n'zomveka kuti amaganiza kuti thupi lagwira ntchito, koma kutopa kwa kukhala pamodzi tsiku lonse sikuwotcha mafuta. Chakudya chimene chili pafupi naye ndi mandasi, zitumbuwa, tchipisi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zoterezi limakhala ndi shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Tiyi wothira masipuni anayi a shuga, womwedwa katatu pa tsiku, amaposa pamenepo. Amayi a m'maofesi, osoka zovala ndi ogulitsa m'mashopu ali m'gulu lomweli.

Mayi wotere asadikire kuti adzapeze nthawi yapadera, chifukwa siidzapezeka. Aimirire ndi kuyendayenda mphindi zingapo pa ola lililonse, atapempha mnzake woyandikana naye kuti amuyang'anire malonda. Atsike minibasi siteji imodzi asanafike n'kumaliza ulendowo wapansi, ngati msewuwo uli wotetezeka ndipo kunja kukuwala. Akadya nsima ya masana kapena yamadzulo ayende mphindi 10 kapena 15, chifukwa nthawi imeneyi ndi pamene shuga amakwera m'magazi. Atakhala pansi azitambasula miyendo ndi kuzungulitsa mapazi, zimene zimachepetsa kutupa. Kulongedza chakudya kunyumba, monga mbatata yophika, chinangwa, mtedza, nthochi kapena dzira lowiritsa, n'kotchipa kuposa kugula zokazinga tsiku lililonse.

Pali zolimbitsa thupi zina zimene zingachitike munthu ali pa benchi pomwepo popanda wina kudziwa. Minofu ya pansi pa chiuno, imene timaifinya tikafuna kugwira mkodzo kapena mphepo ya m'mimba, imanyamula kulemera konse kwa chiberekero. Ikafooka, mkodzo umadontha mayi akatsokomola, akaseka kapena akanyamula kanthu, ndipo amayi ambiri amavutika ndi zimenezi mwakachetechete kwa zaka. Finyani minofuyi ngati mukugwira mkodzo, werengani mpaka kasanu uku mukupuma bwinobwino, kenako masulani. Bwerezani kakhumi, katatu pa tsiku. Musachite zimenezi pamene mukukodza.

Zoyenera kupewa

Masewera amene munthu angagwe kapena kugundidwa pamimba asiyidwe mpaka mwana atabadwa. Mpira wamanja, umene amayi ambiri m'dziko muno amaukonda, uli m'gulu limeneli pamodzi ndi mpira wamiyendo. Mimba ikakula, kulemera kwa thupi kumasunthira kutsogolo ndipo mayi sachedwa kupepesuka, choncho kupalasa njinga m'misewu ya mabampu kapena yoterera ndi matope kusiyidwe, chimodzimodzinso kukwera mumtengo kapena pa makwerero.

Miyezi itatu yoyambirira ikatha, mayi asachite zolimbitsa thupi atagona chagada. Chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu umene umabwezera magazi kumtima, ndipo mayi amamva chizungulire pamene magazi opita kwa mwana akuchepa. Popuma ndi pogona, kugonera m'mbali ndiko kwabwino.

M'maiko ena amayi oyembekezera amalangizidwa kusambira, chifukwa madzi amapeputsa thupi. Kuno tiyenera kusamala. Madzi osayenda a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, nyanja ya Chilwa, m'madambo ndi m'ngalande za m'minda ya mpunga amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene amachepetsa magazi mwa mayi. Amene amakhala kumalo otere achepetse nthawi yokhala m'madzi, ndipo akaona magazi mumkodzo auze achipatala msanga, popeza mankhwala ake alipo.

Kutentha ndi mdani wina. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga, dzuwa la masana limatha kufooketsa ngakhale munthu amene si woyembekezera. Yendani kapena gwirani ntchito m'mamawa ndi madzulo, valani zopepuka, ndipo imwani madzi musanayambe, muli mkati ndiponso mukamaliza. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Mukayenda madzulo bwererani kusanade, udzudzu usanayambe kuluma. Mayi amene thupi latentha asachite zolimbitsa thupi koma apite kukayezetsa malungo tsiku lomwelo.

Amene ayenera kufunsa kaye achipatala

Pali amayi amene kulimbitsa thupi kungawawonjezere vuto. Awa ndi amene akutaya magazi, amene nsupa yasweka nthawi isanakwane, amene matenda anayambapo masiku asanakwane, amene khomo la chiberekero ndi lofooka kapena linasokedwa, amene nsengwa yakhala kumunsi n'kutseka njira, amene apezeka ndi kuthamanga kwa magazi kwa nthawi ya pakati, amene magazi achepa kwambiri, ndi amene ali ndi matenda a mtima kapena a m'mapapo. Woyembekezera mapasa, amene anapitapo padera kangapo, komanso mtsikana wamng'ono amene thupi lake likukulabe, nawonso akambirane ndi mzamba kapena dokotala. Kuchepa kwa magazi n'kofala kwambiri pakati pa amayi oyembekezera m'dziko muno. Mayi amene amachita befu atangoyenda pang'ono, m'maso ndi m'manja muli mbuu, asadzikakamize poganiza kuti ndi ulesi. Ayezetse magazi ndipo amwe mapiritsi owonjezera magazi tsiku lililonse monga auzidwira kusikelo.

Siyani zimene mukuchita ndi kupita kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mukaona chimodzi mwa izi: magazi kapena madzi akutuluka kumaliseche, m'mimba mukupweteka mobwerezabwereza ngati matenda ayamba, mutu ukuwawa kwambiri kapena maso akuchita chidima, chizungulire kapena kukomoka, kupweteka pachifuwa, kubanika musanayambe n'komwe ntchito, katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo akupweteka, kapena mwana wachepetsa kusuntha.

Chizindikiro china chimasokonezedwa ndi kunenepa, ndipo chiyenera kutchulidwa pachokha. Sikelo ikakwera mwadzidzidzi m'masiku ochepa, nkhope ndi manja zitatupa mpaka mphete kukanika kuvuka, amenewo si mafuta. Ndi madzi, ndipo atha kukhala chizindikiro cha matenda oopsa a kuthamanga kwa magazi amene amakomola mayi ndi kupha mayi ndi mwana yemwe. Kuyenda kapena kuchepetsa chakudya sikungathandize pamenepa. Mayiyo akayezedwe BP ndi mkodzo tsiku lomwelo.

Chakudya

Mawu akuti mayi wapakati amadyera anthu awiri ndi oona pa ubwino wa chakudya, koma pa kuchuluka kwake amapitirira. M'miyezi itatu yoyambirira thupi silifuna chakudya chowonjezera kwenikweni. Kuyambira mwezi wachinayi limafuna chowonjezera chofanana ndi kachakudya kamodzi kapamwamba pa tsiku, monga phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi nthochi imodzi, ndipo m'miyezi itatu yomaliza limafuna chochulukirapo pang'ono. Mayi wa kumunda amene amagwira ntchito yolemetsa, kapena amene anali woonda, afunika kuposa apa.

Tsiku lililonse m'mbale mupezeke magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mayi amene sikelo ikukwera mofulumira achepetse mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo, makamaka bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, nyemba, nandolo ndi usipa kapena matemba. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa umakhalitsa m'mimba ndipo uli ndi zofunika m'thupi zimene zimatayika pokonola. Mazira ndi abwino kwa mayi woyembekezera, ndipo zoti mwana amabadwa wopanda tsitsi chifukwa cha mazira si zoona. Mowa wa mtundu uliwonse ndi fodya zisiyidwe kotheratu.

Amayi amene akumwa ma ARV adziwe kuti ena mwa mankhwalawa amatha kuwonjezera thupi. Ichi sichingakhale chifukwa chosiyira kapena kudumphitsa mankhwala, chifukwa ndi amene akuteteza mwana kuti asatenge kachilombo. Fotokozerani achipatala kuti akuthandizeni pa kadyedwe ndi kayendetsedwe ka thupi.

Mwana akabadwa

Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi amachoka pa nthawi yobereka, kuphatikiza mwana, nsengwa ndi madzi, ndipo madzi ena amatuluka m'masiku otsatira kudzera mumkodzo ndi thukuta. Mafuta amachoka pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi kumathandiza, chifukwa mkaka umapangidwa kuchokera m'zimene thupi linasunga. Mayi woyamwitsa asadzimane chakudya pofuna kubwerera msanga m'zovala zake zakale.

Amene wachira bwinobwino atha kuyamba kuyendayenda pakhomo ndi kufinya minofu ya pansi pa chiuno m'masiku oyambirira, ndipo kuyendako kumathandiza kuti magazi asaundane m'miyendo. Ntchito yolemetsa ya kumunda, kusinja ndi kusenza zidikire mpaka achipatala atamuona pakatha masabata asanu ndi limodzi. Amene wachira kudzera pa opareshoni ayendenso pang'onopang'ono kuyambira ali m'chipatala, koma asanyamule cholemera kuposa mwana wake mpaka dokotala atatsimikiza kuti bala lapola. Olemba anthu ntchito akukumbutsidwa kuti lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mayi amene anapezeka ndi shuga pa nthawi ya pakati ayezetsenso pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka khumi ndi awiri atabereka, ndipo apitirize kuyezetsa m'zaka zotsatira, chifukwa matendawa amatha kubweranso ngakhale mimba itatha. Pa ulendo womwewo akambirane ndi achipatala za njira yolera, kuti thupi lipeze nthawi yobwerera m'chimake mimba ina isanaime.